Nyumba Zakale za Magetsi ku Newtown

Johannesburg ndiwo mzinda waukulu koposa m'dziko la South Africa. Amalaŵi ambiri amautchula kuti Joni, pakuti kuyambira kale anthu a kuno ankapita kumeneko kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Mzindawu udayamba m'chaka cha 1886, pamene golide adapezeka m'dera lotchedwa Witwatersrand. Poyamba padali misasa ndi mahema okhaokha, koma patangopita zaka zoŵerengeka padadzaza nyumba, masitolo ndi miseu.

Chakumadzulo kwa pakati pa mzindawu kuli dera lotchedwa Newtown. Kalekale anthu ankaumbako njerwa, popeza dothi lake lidali labwino. Dzina lakuti Newtown lidaperekedwa m'chaka cha 1904. M'deramo mudamangidwa msika waukulu, mafakitale ndi nyumba zopangiramo magetsi. Ziŵiri mwa nyumba za magetsizo zilipobe mpaka lero, ngakhale sizipanganso magetsi. Zidapatsidwa ntchito zina.

Mmene magetsi ankapangidwira

Kuno ku Malaŵi magetsi ambiri amapangidwa ndi mphamvu ya madzi a mtsinje wa Shire, monga pa Nkula, pamene makina adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966. Koma ku Johannesburg kulibe mtsinje waukulu. Chimene chinkapezeka mosavuta ndi malasha, amene amakumbidwa pansi monga golide.

Malashawo ankabwera pa sitima yapamtunda. Antchito ankaŵasonkhezera m'ng'anjo zikuluzikulu, ndipo moto wake unkaŵiritsa madzi ochuluka zedi. Madzi akaŵira amatulutsa nthunzi. Aliyense amene adaonapo chivundikiro cha mphika chikuvinavina pamoto, adziŵa kuti nthunzi ili ndi mphamvu. Nthunziyo inkadzera m'mapaipi kukazunguza chigudumu chachikulu cha mapiko ambirimbiri, chimene pa Chingerezi chimatchedwa turbine. Chigudumucho chinkazunguza jenereta, ndipo jeneretayo ndiyo inkatulutsa magetsi oyenda m'mawaya kufika m'nyumba za anthu ndi m'miseu.

Makina otereŵa ngolemera, ndiponso amagwedeza nthaka akamagwira ntchito. Nchifukwa chake nyumba zake zinkamangidwa zolimba kopambana. Zinkakhala ndi maziko akuya, makoma ochindikala, mizati ya chitsulo ndi ya konkire, denga lalitali kwambiri ndi mazenera aakulu oloŵetsa kuŵala ndi mphepo.

Nyumba ziŵiri zija

Nyumba yoyamba idamangidwa m'chaka cha 1906 pa mseu umene pa nthaŵiyo unkatchedwa President Street. Chaka chomwecho mumzindamo mudayamba kuyenda matiramu a magetsi. Tiramu ndi kasitima konyamula anthu, koyenda pa njanji zoyalidwa mumseu. Makina oyamba a m'nyumbayi adavuta kwambiri, ndipo sadagwire ntchito nthaŵi yaitali. Pambuyo pake nyumbayo idasanduka malo okonzeramo zipangizo za magetsi zikaonongeka. Motero anthu adaitcha Electric Workshop.

Nyumba yachiŵiri idayamba kumangidwa m'chaka cha 1927 pa mseu umene unkatchedwa Jeppe Street, kufupi ndi yoyamba ija. Iyi idali yaikulu koposa. Chipinda chake chachikulu, mmene munkakhala zigudumu zija, chimatchedwa Turbine Hall. Pambali pake padali nyumba zoŵiritsiramo madzi, ndiponso nsanja zazitali zoziziritsira madzi otentha.

Chifukwa chake zidasiyidwa

Mzinda wa Johannesburg unkakulirakulirabe, ndipo magetsi a ku Newtown adayamba kupereŵera. Tsono akuluakulu a mzindawo adamanga nyumba za magetsi zazikulu kunja kwa tauni. Ina idamangidwa ku Orlando, m'dera la Soweto, ndipo ina yotchedwa Kelvin idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1957. M'chaka cha 1961 makina a nthunzi a pa Jeppe Street adazimitsidwa, ndipo matiramu nawonso adaleka kuyenda chaka chomwecho. Kwa zaka zina pamalopo padaikidwa makina ena othandiza magetsi akachepa, koma m'kupita kwa nthaŵi nawonso adaleka. Nsanja zoziziritsira madzi zidagwetsedwa m'chaka cha 1985.

Dera lonse la Newtown lidayamba kuzilala. Msika waukulu uja udasamutsidwa m'chaka cha 1974. Makampani ambiri adachotsa maofesi ao pakati pa mzinda nkupita kumpoto, ku madera onga Sandton. Nyumba yopanda woisamala sichedwa kuonongeka. Ku Turbine Hall magalasi a m'mazenera adasweka, denga lidayamba kudontha, ndipo zitsulo zidachita dzimbiri. Anthu osoŵa pokhala adaloŵamo namanga timisasa m'kati mwake. Ankakhala movutika, wopanda madzi abwino, ndipo nyumba imene kale inkaŵalitsa mzinda wonse idali ya mdima.

Kugwetsa kapena kukonza

Nyumba yaikulu ikafika potere, eni mzinda amayenera kusankha chochita. Ena amati ndi bwino kungoigwetsa, kuti pamalopo pamangidwe yatsopano. Anthu otere amanena kuti kukonza chinthu chakale nkovuta, ndipo nthaŵi zina kumadya ndalama zambiri.

Koma ena amaona mwina. Iwo amati maziko ndi makoma amene adapirira kugwedeza kwa makina zaka zambiri angathe kupiriranso ntchito ina. Njerwa, simenti ndi zitsulo zimene zili m'makomamo zidagulidwa kale, ndipo kuzigwetsa nkutaya chuma. Amanenanso kuti nyumba yakale ili ngati nkhalamba ya pamudzi, imene imakumbutsa ana za kumene adachokera. Ikagwa, mbiri ya anthu amene adakhetsa thukuta m'menemo imaiŵalika.

Ku Newtown kudali kale chitsanzo chabwino. Mbali ina ya msika wakale uja, umene udamangidwa m'chaka cha 1913, idakonzedwa nkukhala nyumba ya zisudzo yotchedwa Market Theatre. Idatsegulidwa m'chaka cha 1976, ndipo idatchuka m'maiko ambiri. Ndiponso m'chaka cha 1999 boma la South Africa lidakhazikitsa lamulo loteteza zinthu zakale. Lamulolo limati munthu asagwetse kapena kusintha nyumba imene yapitirira zaka 60 popanda chilolezo. Motero nyumba ziŵiri za magetsi zija zidapulumuka.

Ntchito yokonza nyumba yakale siifuna phuma. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Poyamba akatswiri amayesa maziko, mizati ndi denga, kuti adziŵe zimene zili zolimba ndi zimene zafooka. Kenaka antchito amachotsa zinyalala, mafuta akale a makina ndi zina zonse zimene zingadwalitse anthu. Atatero amisiri amakonza denga, amaika magalasi, mapaipi a madzi ndi mawaya atsopano. Amamanganso makwerero ndi makomo okwanira, kuti anthu athe kuthaŵa msanga moto utabuka.

Maofesi

Ntchito yokonza Turbine Hall idayamba m'chaka cha 2005. Anthu amene ankagonamo aja adali atachotsedwamo. Ichi nchinthu chimodzi choŵaŵa pa ntchito zotere, pakuti nyumba ikakoma, osauka amene adabisalamo amayenera kukafuna pogona kwina. Imodzi mwa nyumba zoŵiritsiramo madzi idagwetsedwa, ndipo pamalo pake padamangidwa maofesi atsopano olumikizana ndi nyumba yakale. Koma chipinda chachikulu chija chidasungidwa, ndipo mizati yake ndi makoma ake adasiyidwa poyera kuti alendo aziona mmene amisiri akale ankamangira.

M'chaka cha 2007 kampani yokumba golide yotchedwa AngloGold Ashanti idaika likulu lake m'menemo, ndipo idakhalamo zaka zoposa khumi. Pamene kale pankamveka phokoso la makina, padakhala alembi ndi akatswiri a za migodi. Mbali ina ya nyumbayo idasanduka malo ochitirapo misonkhano, maphwando ndi zionetsero.

Nyumba ya sayansi

Nyumba ya Electric Workshop idapatsidwa ntchito yokomera ana. Dipatimenti ya maphunziro ya chigawo cha Gauteng idagwirizana ndi makampani osiyanasiyana kuti m'menemo mukhale malo ophunziriramo sayansi. Boma palokha silikadatha, makampani paokha sakadathanso, pakuti mutu umodzi susenza denga. Malowo adatsegulidwa m'chaka cha 2004, ndipo adatchedwa Sci-Bono Discovery Centre. Dzinali lidapangidwa ndi mau aŵiri. "Sci" ndi chidule cha mau a Chingerezi otanthauza sayansi, ndipo "bono" ndi mau a chiyankhulo cha Chivenda otanthauza masomphenya.

Malo ameneŵa ngosiyana ndi nyumba zina zosungiramo zinthu zakale, mmene alendo amaletsedwa kukhudza kanthu. Ku Sci-Bono mwana amaloledwa kugwira, kukoka, kuzunguza ndi kuyesa yekha. Potero amaona ndi maso ake mmene magetsi, maginito, kuŵala ndi mau zimagwirira ntchito. Chimene adangochimva m'kalasi amachimvetsa bwino akachichita ndi manja ake. Ana a sukulu amabwera pa mabasi pamodzi ndi aphunzitsi ao. Aphunzitsi nawonso amaphunzirako njira zabwino zophunzitsira masamu ndi sayansi, ndipo achinyamata amalandirako malangizo a ntchito zimene angadzagwire akamaliza sukulu. Denga lalitali lija, limene lidamangidwira makina, lidapereka malo okwanira zionetsero zikuluzikulu.

Nyumba imene idasoŵa ntchito

Nyumba ya magetsi ya ku Orlando sidachite mwai wotere. Idatsekedwa m'chaka cha 1998. Nsanja zake ziŵiri zidapakidwa utoto wokongola, ndipo alendo ambiri amapita kukaziona. Koma nyumba yeniyeniyo idangokhala yopanda ntchito. Anthu ena ankaloŵamo mobisa kukadula zitsulo kuti akagulitse. Pang'onopang'ono mizati idafooka, ndipo m'mwezi wa Juni 2014 nyumbayo idagwa nkupha anthu ena amene adali m'kati.

Nyumba zitatu zonsezi zidamangidwa zolimba, ndipo zonse zidatha ntchito yake yoyamba. Ziŵiri za ku Newtown zidapeza anthu oziganizira ntchito ina, ndipo zili chiimire. Ya ku Orlando idasiyidwa yokha, ndipo idasanduka bwinja. M'matauni ndi m'midzi yambiri mumapezeka nyumba zakale zimene zidasiyidwa, monga masitolo, nkhokwe za mbeu ndi mafakitale. Asanazigwetse kapena kuzilekerera, eni dera ayenera kuyamba afunsana ngati sizingathandize pa ntchito ina.

ZOCHITA

A. Yankhani mafunso aŵa m'ziganizo zomveka bwino:

1. Kodi mzinda wa Johannesburg udayamba chaka chiti, ndipo udayamba chifukwa cha chiyani?
2. Chifukwa chiyani magetsi a ku Johannesburg sankapangidwa ndi madzi a mumtsinje?
3. Fotokozani mmene malasha ankathandizira kupanga magetsi.
4. Tchulani zinthu zitatu zimene zinkalimbitsa nyumba za magetsi.
5. Perekani zifukwa ziŵiri zimene anthu ena amakanira kugwetsa nyumba zakale.
6. Kodi lamulo la m'chaka cha 1999 limati chiyani?
7. Kodi dzina lakuti Sci-Bono lidachokera ku mau ati?
8. Nchiyani chidagwetsa nyumba ya magetsi ya ku Orlando?

B. Perekani matanthauzo a mau aŵa, ndipo mupange chiganizo ndi liu lililonse:

nthunzi, ng'anjo, dzimbiri, maziko, likulu, phuma, bwinja, masomphenya

C. Fotokozani tanthauzo la miyambi iyi:

1. Mutu umodzi susenza denga.
2. Kuona maso a nkhono nkudekha.

D. Lembani maina aŵa mochulukitsa. Chitsanzo: mzati, mizati.

khoma, zenera, denga, mseu, mmisiri, chigudumu, mgodi, khomo

E. Tsekani mzere kunsi kwa mneni m'ziganizo izi:

1. Antchito adasonkhezera malasha.
2. Amisiri akukonza denga.
3. Ana amabwera pa mabasi.
4. Mizati idafooka.

F. Kambiranani m'magulu:

Anthu osoŵa pokhala amene ankagona mu Turbine Hall adayenera kuchokamo. Kodi akuluakulu a mzinda ayenera kuŵathandiza bwanji anthu otere?

G. Chimangirizo:

Ganizirani nyumba yakale imene idasiyidwa kufupi ndi kwanu kapena kufupi ndi sukulu yanu. Funsani makolo kapena agogo anu za mbiri yake. Lembani ndime zitatu zofotokoza ntchito imene nyumbayo inkagwira kale, mmene ikuonekera tsopano, ndi ntchito yatsopano imene ingapatsidwe.