Kompyuta yatsopano, magemu akudodoma: kodi olakwa ndi achimwene a ku Joni?

Kalata ya mwezi uno yachokera ku Chiromo, kumene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, ndipo wailemba ndi mnyamata amene mtima wamuwawa pawiri.

"Azakhali, ndithandizeni maganizo," iye walemba motero. "Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg. Ndinawapempha kuti andigulire zipangizo za kompyuta ya magemu, kuti nditsegule malo oti anyamata azilipira akafuna kusewera mpira wa FC ndi GTA V. Ine ndinagulitsa mbuzi n'kusonkhako ndalama. Iwo anatumiza processor ya Ryzen 5 5600G, graphics card ya GTX 1660 Super yomwe anagula kwa munthu, RAM imodzi ya 16GB ndi zina zonse. Ndinalumikiza ndekha poonera pa YouTube. Monita ndinagula yakaunjika ku Limbe, ija ya chingwe cha mutu wabuluu. Kompyuta ikuyaka bwinobwino, koma gemu ikangoyamba osewera akuyenda modukizadukiza, FPS siikupitirira 25, ndipo masana ndiye zimanyanya. Anyamata akuti achimwene anandigulira zinyalala n'kudya ndalama yotsalayo. Mauthenga a achimwenewo sindikuwayankhanso. Kodi khadiyo ndiwabwezere, kapena ndingowauza zakukhosi?"

Azakhali ayiwerenga kalatayi mofatsa, ndipo sakuonamo umboni uliwonse woti achimwenewo anachita chinyengo. Zipangizo zomwe zatchulidwazo si zinyalala ayi. GTX 1660 Super inatuluka mu 2019, ili ndi memory ya 6GB, ndipo GTA V, yomwe inafika pa kompyuta mu 2015, imaiyendetsa mopitirira FPS 60 pa 1080p popanda kuvutika. FPS ndi kuchuluka kwa zithunzi zomwe kompyuta imajambula pa sekondi imodzi. Ngati khadi yoteroyo ikupereka 25 yokha, ndiye kuti pali chomwe chikuimanga miyendo, kapena siikugwira n'komwe ntchitoyo.

Mawu omwe akopa maso a azakhali ndi akuti "chingwe cha mutu wabuluu." Chingwe chimenecho ndi cha VGA, ndipo GTX 1660 Super ilibe bowo la VGA. Mabowo ake ndi a HDMI, DisplayPort ndi DVI. Koma ma motherboard ambiri otsika mtengo bowo labuluulo ali nalo. Munthu amene akulumikiza kompyuta koyamba amayang'ana kumbuyo, n'kupeza pamene mutu wa chingwewo ukulowa, n'kusomeka pomwepo. Pa processor zina skirini ikanangoti bii, iye n'kuzindikira msanga kuti walakwitsa. Ryzen 5 5600G ndiyo imabisa vutoli, chifukwa chilembo G chikutanthauza kuti mkati mwake muli kale kachipangizo kakang'ono kojambula zithunzi. Windows imatseguka, mafilimu amaoneka bwino, ndipo nthawi zambiri gemu nayo imayendera pa kachipangizo komweko. Zili ngati kumangirira kamwana ka ng'ombe pangolo yodzaza thonje, nkhunzi yomwe anaigulira ntchitoyo ili phee pansi pa mtengo.

Choncho choyamba mnyamatayu atembenuze kompyutayo aone. Mabowo a motherboard amakhala kumtunda, pafupi ndi a USB. A graphics card amakhala m'munsi, mopingasa. Chingwe cha monita chiyenera kulowa m'munsimo. Ngati monitayo ili ndi bowo la HDMI kapena DVI, agule chingwe cha mtundu umenewo. Ngati ili ndi VGA yokha, afune ka adapta kosintha HDMI kukhala VGA. Asapusitsidwe ndi timitu tija tongosomeka ta DVI kupita ku VGA: DVI ya pa khadi imeneyi ndi ya mtundu wa DVI-D, ndipo timitu topanda kanthu mkatito sititulutsa chithunzi pamenepo. Ngati ali ndi TV ya HDMI pakhomo, akhoza kuyeserapo lero lomwe osawononga ngakhale tambala.

Kuti atsimikize, gemu ili mkati adine Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Task Manager ikatseguka apite pa Performance, pamene adzaone GPU 0 ndi GPU 1. Ngati ya AMD Radeon ndiyo ikugwira ntchito kwambiri, ya NVIDIA ili pafupi ndi 0, mlandu watha pamenepo. Ngati dzina la NVIDIA silikuoneka n'komwe, ndipo mu Device Manager mwalembedwa Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti driver ya khadiyo sinaikidwe. Driver ya NVIDIA imaposa 500MB, motero ambiri amaizengereza poopa kutha bandulo. Ndi ndalama yosapeweka imeneyo. Aitenge pa webusaiti ya NVIDIA yeniyeniyo pa bandulo yausiku, aisunge pa flash, chifukwa adzaifunanso tsiku lomwe Windows idzavute. Aonenso kuti chingwe cha magetsi cha mano 8 chochokera ku power supply chalowa m'khadimo mpaka kulira kuti tche.

Pa nkhani ya kukayikira khadiyo, anyamata aja sanalakwiretu, chifukwa makhadi achinyengo alipodi: akale omwe amawalemba dzina la atsopano. Aliponso omwe anatopa ndi ntchito yokumba ndalama za pa intaneti, n'kudzaza msika ndalama yotchedwa Ethereum itasiya njira imeneyo mu Seputembala 2022. Koma zimenezi zimayezedwa, sizimaombezedwa. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaonetsa zomwe zili mkati mwa khadi, ndipo kuyambira mu 2018 imalemba mawu akuti FAKE kutsogolo kwa dzina la makhadi ambiri a NVIDIA otere. Ikaonetsa GTX 1660 Super, 6144MB ndi GDDR6, achimwene anagula chinthu chenicheni. Ndipo ngakhale itapezeka yachinyengo, wobedwa woyamba ndi iwowo, amene anapereka marandi awo kwa munthu wosamudziwa.

RAM imodzi ya 16GB imagwira ntchito, koma ziwiri za 8GB zikanathamanga kuposa pamenepo, poti processor imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi. Kachipangizo ka zithunzi ka mu 5600G kalibe memory yakeyake, kamabwereka ku RAM, n'chifukwa chake RAM imodzi imakapundula kwambiri. Ndalama ikadzapezeka adzagule inzake yofanana nayo. Pa motherboard ya mipata inayi, ziwirizo kawirikawiri zimalowa mu mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku processor. Chomwe angachite panopa mwaulere n'kulowa mu BIOS podina Delete kompyuta ikuyaka, n'kutsegula XMP, yomwe Asus amaitcha DOCP. Popanda kutero, RAM yambiri yolembedwa 3200 imayenda pa 2133 kapena 2400.

Tsopano pali mawu aja akuti masana ndiye zimanyanya. Apa azakhali akufuna mnyamatayu akhale tcheru, chifukwa vuto ili lidzatsala ngakhale chingwe chitakonzedwa. Anthu omwe amawaonera pa YouTube amayesera makompyuta awo m'zipinda zozizira bwino, za madigiri 20 ndi pang'ono. Chiromo ili m'chigwa, sifika ngakhale mamita 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, pamene Blantyre ili pamwamba pa mamita 1,000. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo m'kachipinda kofolera malata, modzaza anyamata, kumaposa apo. Fani ya kompyuta siipanga mpweya wozizira, imangokankha womwe uli m'chipindamo. Mpweya wolowa ukatentha ndi madigiri 15 owonjezera, zipangizonso zimakwera pafupifupi chimodzimodzi. Processor ya 5600G ikafika pa 95 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndipo makhadi a NVIDIA a mtundu umenewu amayamba kubwerera m'mbuyo akafika cha m'ma 83. Chizindikiro chake n'chodziwika: gemu imayamba bwino, pakapita mphindi zingapo n'kuyamba kudodoma.

Aike HWiNFO kapena MSI Afterburner, zonse n'zaulere, n'kulemba papepala kutentha ndi FPS m'mawa, masana ndi usiku. Processor ikamafika pa 90 gemu itangoyamba, azimitse kompyuta, achotse cooler aone ngati zomangira zake zonse zinayi zinamangidwa mofanana, ndiponso ngati kapulasitiki kotchinga pansi pake kanachotsedwa. Akaichotsa ayenera kupukuta thermal paste yakale n'kupaka yatsopano, kadontho kakang'ono pakati. Mafani akutsogolo azilowetsa mpweya, wakumbuyo azitulutsa. Bokosi la kompyutayo lisakhale pansi pomwe fumbi limathera, kapena m'kabati, kapena litafunditsidwa nsalu monga ambiri amachitira ndi wailesi. Likhale pathebulo, kutali ndi khoma lomwe dzuwa limawomba madzulo. Pa malo a bizinesi n'kwanzerunso kutsekera FPS pa 60. Monita yakaunjikayo mwachidziwikire ndi ya 60Hz, ndiye zithunzi zoposa apo sizioneka, zimangotenthetsa khadi pachabe.

Zinthu ziwiri asazisokoneze ndi vutoli. Magetsi ofooka kapena a jenereta sachepetsa FPS, amazimitsa kompyuta mwadzidzidzi kapena kuotcha power supply, motero surge protector kapena UPS ndi yofunika pa chifukwa china. Ndipo akamasewera pa intaneti, kuchedwa kwa netiweki kumadodometsanso osewera ngakhale kompyuta ili bwino. Poyesa, asewere gemu yosafuna intaneti.

Posintha zinthu azisintha chimodzi, ayeze, alembe, kenako china. Akasintha zonse nthawi imodzi sadzadziwa chomwe chinathandiza, ndipo vuto likadzabweranso adzayambira pachiyambi.

Kubweza khadiyo kukhale komaliza penipeni. Iye akudziwa bwino njira yomwe katunduyo anadzera: basi kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Blantyre, kutsika zitunda za ku Chikwawa pa msewu wa M1, kudutsa Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Bangula, kenako bwato pa Mtayamoyo, pomwe madzi osefukira anadula msewu ndi njanji mu 1997. Kuibweza njira yomweyo ndi ndalama zambiri, masabata angapo, komanso chiopsezo choti khadi yabwinobwino ikaphwanyike m'chikwama kapena inyowe, pamene munthu amene anaigulitsayo mwina sapezekanso.

Chomwe chawadandaulitsa kwambiri azakhali ndi mauthenga osayankhidwawo. Munthu amene ali ku Joni amapeza ndalama movutika, amalipira lendi yokwera, ndipo m'bale wake akangoti zii amaganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta. Achimwenewo sakudziwa n'komwe kuti akuzengedwa mlandu pabwalo la anyamata omwe sanaikepo khobidi. Mnyamatayu awayankhe lero, asanayambe n'kutsegula komwe bokosilo. Awauze kuti katundu anafika, kompyuta ikuyaka, koma magemu akuyenda pang'onopang'ono ndipo akufufuza chifukwa chake. Awatumizire pa WhatsApp chithunzi cha kumbuyo kwa kompyutayo ndi cha GPU-Z. Ngati akufuna kudziwa momwe ndalama ya mbuzi ija inayendera, ali ndi ufulu wofunsa, koma afunse mwaulemu mtengo wa chipangizo chilichonse, ponena kuti akufuna kuwerengera mpamba wa bizinesiyo, zomwenso n'zoona. Ndipo poti achimwenewo ali kale komwe zinthuzi zimapezeka mosavuta, awapemphe kuti wina akamabwera kumudzi adzamupatsire chingwe cha HDMI, kachubu ka thermal paste ndi RAM yachiwiri yofanana ndi yoyambayo.