Kuphunzitsa Ana Kupenyetsetsa: Nkhalamba ya Ingres

Ana ambiri akauzidwa kuti ajambule nkhalamba amajambula munthu woŵerama, wotsamira ndodo. Chizoloŵezi chimenechi sichichoka ndi mawu okha ayi. Chimachoka mwana akaona chithunzi chotsutsana nacho. Chimene ndikukulangizani kuti mukayese nacho m'kalasi ndicho cha Louis-François Bertin, chomwe mmisiri wa ku France, Jean-Auguste-Dominique Ingres, adajambula ndi utoto wa mafuta m'chaka cha 1832. Chimasungidwa m'nyumba ya Louvre ku Paris.

Bertin adabadwa m'chaka cha 1766, ndipo adali mkulu wa nyuzipepala yotchedwa Journal des débats. Ingres, amene pojambula akazi ankasalaza khungu lawo mpaka kukhala ngati chimbale chadothi, pano sadabise kanthu. Imvi zili nyankhalala, makwinya ali poyera, mimba ikukankha chovala chakuda. Tsono penyani manja. Akhazikika pa maondo, zala zatambasuka ngati miyendo ya nkhanu, zigongono zatulukira kunja, monga munthu amene ali pafupi kudzuka kuti akuyankheni. Maso ali pa inu. Kumbuyo kwake kuli khoma chabe, kotero kuti diso lilibe kothaŵira. Kwa ine manja ameneŵa ndiwo mutu wa chithunzi chonse: thupi lakalamba, koma ulamuliro sudachepe.

M'kalasi musayambe ndi dzina, chaka kapena ntchito ya munthuyu. Funsani kuti, "Kodi bamboŵa ali ndi zaka zingati? Mwadziŵa bwanji?" Mwana aliyense woyankha abwere adzaloze ndi chala pamene pali umboni wake. Kenaka funsani ngati ali ofooka kapena amphamvu. Apa kalasi lidzagaŵikana, ena potsata imvi, ena potsata manja, ndipo inu musafulumire kuŵaweruza. Phunziro lenileni lili mumkangano umenewu. Za nyuzipepala muŵauze pomaliza.

Samalani ndi kope limene mudzagwiritsa ntchito. Chithunzi chenichenicho n'chotalika masentimita 116, ndipo kope laling'ono kapena lakuda kwambiri limameza zala pamodzi ndi kakuŵala ka zenera kooneka pa thabwa la mpando, kamene ana atcheru amakondwa akakapeza okha. Ntchito yokachita kunyumba ikhale iyi: apemphe agogo awo mwaulemu kuti awajambule manja okha, monga momwe amaŵaikira akakhala pansi.