Cholinga chikhale ndi adiresi

Ana inu, lero tikamba za mawu amene amamveka kawirikawiri pakati pa achinyamata athu kuno ku Lawrence, m'chigawo cha Indiana, ngakhalenso kwa abale athu a ku South Bend: "Ndikufuna kuphunzira." Mawuwa ndi abwino. Koma mukamufunsa munthuyo kuti aphunzira chiyani, kusukulu iti, kuyambira mwezi uti, amangoweramitsa mutu. Mtima ulipo, koma cholinga chake chilibe adiresi.

Tiyambe ndi a Legson Kayira, mwana wa kumpoto kwa dziko lathu la Malawi amene anaphunzira ku Livingstonia. M'chaka cha 1958 ananyamuka wapansi, atanyamula nkhwangwa, kamba wochepa, Baibulo ndi buku la John Bunyan, akuti akupita ku America kukaphunzira. Maganizo awo anali oti akafike ku Egypt, akapeze ntchito m'sitima yapamadzi. Anthu akamafotokoza nkhaniyi amakonda kutsindika za mtunda ndi matuza a m'mapazi, ndipo ndi zoonadi, anavutika, akumaima m'njira kugwira maganyu. Koma ine ndikufuna muone zimene zinachitika ku Kampala. Kumeneko analowa m'laibulale ya boma la America, natsegula buku la mayina a makoleji, napeza Skagit Valley College ya ku Mount Vernon, m'chigawo cha Washington. Anakhala pansi nalemba kalata. Kolejiyo inawalandira, ndipo ophunzira ndi anthu a m'tauniyo anasonkha ndalama za ulendo. Anakwera ndege atayenda mpaka ku Khartoum, nafika mu 1960. Kenako anakaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge, ndipo mbiri yawo anailemba m'buku la I Will Try mu 1965.

Taonani bwino. Pamene ankangoti "America", palibe munthu akanawathandiza, chifukwa America si khomo loti ungagogodepo. Atatchula dzina la sukulu imodzi, panapezeka munthu woyankha kalata, panadziwika ndalama zofunika, panadziwikanso mzinda wokatengako chitupa. Anthu amathandiza cholinga chimene akuchiona.

Inuyo simufunika nkhwangwa. Kufupi nafe komwe kuno kuli Ivy Tech Community College yophunzitsa za umoyo. Wofuna unamwino ali ndi makwerero oonekeratu. Poyambira ndi CNA, wothandiza anamwino m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo boma la Indiana limafuna maola 105 a maphunziro, 75 mwa iwo akugwira ntchito pabedi la wodwala. Pamwamba pake pali LPN, gawo loyamba la unamwino, pafupifupi chaka chimodzi. Kenako RN, namwino wolembetsedwa, zaka ziwiri mukamaliza maphunziro oyambirira monga a kapangidwe ka thupi, ndipo pomaliza pali mayeso a NCLEX. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Apa ndiime kaye, chifukwa ndi pomwe ambiri amamira. Malipiro a CNA amakoma kwa munthu wongofika kumene. Mashifiti awiri patsiku, galimoto, ndalama zotumiza kumudzi, ndipo sukulu ija imasanduka ya "chaka chamawa". Zaka zimapita, msana umayamba kudandaula chifukwa chonyamula odwala. Sindikunyoza ntchitoyi, ndi yaulemu ndipo yalera mabanja ambiri. Ndikungoti tsiku limene mukulandira satifiketi yoyamba, lembani mwezi umene mudzalembetse gawo lachiwiri. Ndipo amene muli pa viza ya F-1 dziwani kuti sukulu ili mkati mumaloledwa kugwira ntchito ya pasukulupo maola osapitirira 20 pasabata. China chilichonse yambani mwafunsa ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja.

Cholinga cha munthu mmodzi chimadya nthawi ndi ndalama za banja lonse, n'chifukwa chake chimakambidwa poyera. Ngati amayi akubwerera kusukulu, adziwike wokatenga ana madzulo, adziwike wophika. Achimwene a ku Mzimba kapena ku Mulanje auzidwe mwaulemu kuti kwa miyezi yakutiyakuti chithandizo chichepa, ndi chifukwa chake. Kubisa kumabala kukwiyirana. Kunena kumapweteka tsiku limodzi.

Kwa inu a giredi 7 ndi 8, Indiana ili ndi ndondomeko ya 21st Century Scholars, imene inayamba mu 1990. Imalipira fizi m'makoleji a boma kwa ana oyenerera a m'mabanja opeza pang'ono. Koma ili ndi zofuna zake: magiredi asatsike pansi pa 2.5, ntchito zina zokonzekera koleji zichitike chaka ndi chaka, ndipo fomu ya FAFSA yopemphera chithandizo cha ndalama za koleji ifike pasanadutse pa 15 Epulo m'chaka chomaliza cha sekondale. Makolo ambiri amamva za tsikuli litapita kale. Inu mwalimva lero, kawauzeni.

Maulendo nawonso amafuna adiresi. Sinditalikitsa, koma musawaone ngati masewera. Banja logwira ntchito usiku ndi usana likufunika tsiku loyendera limodzi. Fort Harrison State Park ili pakhomo pathu pompano, ndi njira zake za m'mbali mwa Fall Creek. Mukafuna madzi aakulu, kwerani msewu wa US 31 mpaka ku South Bend, mugone kwa abale, m'mawa mukwere sitima ya South Shore Line mukatsike ku Dune Park, mukaone milu ya mchenga ya Indiana Dunes ndi nyanja ya Michigan. Ulendo wotere umaphunzitsa mwana kuwerengera mafuta, matikiti ndi nthawi.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Papepala limodzi lembani chinthu chimodzi chimene mukufuna, dzina la malo kumene chimapezeka, mtengo wake, tsiku lomaliza kulembetsa, ndi munthu wa m'banja mwanu amene mwakambirana naye. Amene sapeza mtengo kapena tsiku aimbe foni kusukuluko afunse. Mubwere nalo Loweruka likubwerali, makolo atasainira.