Wa hepatitis B musamuyeze ndi maso

Inu amene mwangoyamba ntchito yoona odwala ku Chintheche, ku Kande, ku Mpamba kapena ku Usisya, tsiku lina mudzalandira msodzi wamphamvu zake, maso ali mbee, koma magazi ake aonetsa HBsAg, chizindikiro cha hepatitis B. Musathamangire kunena kuti "muli bwino bambo, pitani." Chikasu chimachedwa kuoneka, ndipo ena amafika pouma chiwindi osachionapo.

Kachilombo ka hepatitis B pakokha sikaononga kwenikweni maselo a chiwindi. Choononga ndi chitetezo cha thupi chomwe. Maselo a CD8 akapeza selo lomwe muli kachilombo amalipha, uku akuitanizana ndi anzawo kudzera m'timapuloteni totchedwa ma cytokine. Interferon-gamma, TNF-alpha ndi IL-6 amakoleza nkhondoyo, pamene IL-10 amaiziziritsa. Zili ngati kutentha tchire posaka mbewa: moto ukakula umapsereza ndi munda womwe. Zikapitirira zaka zambiri, m'chiwindi mumadzaza zipsera, ndipo khansa imapezerapo mwayi.

Ma cytokine amayezedwa makamaka pa kafukufuku, ndiye musadandaule kuti labu yathu ilibe makina ake. Zotsatira za ntchito yawo timaziona mu ALT, AST ndi mapulateleti. Phunzirani kuwerengera APRI pamtima. Gawani AST ya wodwala ndi malire a AST yabwino, yankholo muligawenso ndi mapulateleti, kenaka muchulukitse ndi 100. AST ya 60, malire 40, mapulateleti 120, zikupatsani 1.25. Malangizo a WHO a 2024 akuti kupitirira 0.5 ndi chifukwa chokwanira choyambira mankhwala, ndipo kupitirira 1 kumasonyeza kuti mwina chiwindi chauma kale. Wotereyu mulembereni kalata yopita kuchipatala cha boma ku Nkhata Bay, komwe angamutumize ku Mzuzu Central.

Koma kunyanja kuno nambala zimanamiza. Malungo amagwetsa mapulateleti, choncho APRI ya munthu amene akutentha thupi si yodalirika. Achire kaye, mubwerezenso. Magazi oonongeka m'botolo chifukwa chotengedwa molakwika kapena kugwedezeka panjira amakweza AST. Funsaninso za kachasu, mankhwala a TB ndi zitsamba, ndipo funsani mofatsa, chifukwa mukakalipa palibe angakuuzeni zoona. ALT yabwino nayo isakugonetseni tulo: amene adatenga kachilombo pobadwa amatha zaka kali kochuluka, chitetezo chisanayambe kulimbana nako.

Pomwe ine ndimaumirira kwambiri ndi kuchipinda cha ma ARV. Mu TLD muli tenofovir ndi lamivudine, omwe amapondanso hepatitis B. Munthu wa tizilombo tonse tiwiri, HIV ndi hepatitis B, akasiya kumwa, kachilombo ka m'chiwindi kamadzuka, chitetezo n'kukalusira, ndipo chiwindi chingathe kulephereratu. Lembani HBsAg poonekera m'buku lake lakuchipatala kuti wina asadzamuchotsere tenofovir mosadziwa. Msodzi akati akutsata usipa kwina, kapena mvula ikayandikira msewu wa ku Usisya usanavute, onetsetsani kuti wanyamula mankhwala okwanira.

Nanga inuyo? Katemera wa hepatitis B adalowa m'ndondomeko ya ana m'Malawi mu 2002. Ngati mudabadwa chaka chimenechi chisanafike, mwina simudabayitse, chonsecho singano mumagwira tsiku ndi tsiku. Yezetsani, ndipo mukapezeka mulibe, funsani akuluakulu anu komwe mungalandire majekeseni onse atatu.