Galimoto Yoyendera Magetsi

M'dziko la Norway, kumpoto kwa Ulaya, muli galimoto zambiri zimene sizimwa petulo kapena dizilo. Galimotozi zimayendera magetsi ndipo sizitulutsa utsi. M'chaka cha 2024, pa galimoto khumi zilizonse zatsopano zimene zidagulidwa m'dzikomo, pafupifupi zisanu ndi zinayi zidali zamagetsi. Magetsi ambiri a ku Norway amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, monga momwe ambiri a ku Malawi amapangidwira pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira mumtsinje wa Shire.

Moyo wa galimoto yotere uli m'batire. Batireli ndi lalikulu ndi lolemera, ndipo limakhala kunsi kwa mipando. Ilo limasunga magetsi amene amazunguza mota, nayo mota imazunguza mawilo. Mwini galimoto akafika kunyumba madzulo, amalumikiza galimotoyo ku magetsi ndi chingwe. Pofika m'mawa batire limakhala litadzaza. Paulendo wautali amaima pa malo otchajira a m'mbali mwa msewu, pamene batire limalandira moto wokwanira patatha pafupifupi theka la ola.

Ntchito yosamala galimotoyi si yambiri. Mwini wake sasintha oyilo wa injini, ndiponso sagula mapulagi. Mabuleki amakhalitsa chifukwa pochepetsa liwiro mota imagwirako mawilo ndi kubwezera magetsi ena m'batire. Koma matayala amatha msanga popeza amasenza katundu wolemera.

Chofunika kusamala koposa ndi batire, pakuti ndilo lokwera mtengo kuposa zipangizo zina zonse. Makampani ambiri amalonjeza kulikonza kapena kulisintha mwaulere likawonongeka zisanathe zaka 8, kapena galimoto isanayende makilomita 160,000. Malire amenewa akapitirira, mwini galimoto amalipira yekha. Nchifukwa chake munthu wanzeru salola kuti moto uthe wonse m'batire. Masiku wamba amalidzaza mpaka magawo 80 pa 100 okha, ndipo dzuwa likaswa mtengo amaimika galimoto pamthunzi. M'nyengo yozizira, imene ku Norway ndi yaitali, batire limatha msanga. Choncho woyendetsa amayamba wadziwa malo otchajira asananyamuke.

Galimotoyi ili ndi zoopsa zake. Mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi amphamvu okhoza kupha munthu. Galimoto ikavuta, mwini wake sagwira mawayawo, koma amaitana makaniko amene adaphunzira ntchitoyi. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Nawo oyenda pansi ayenera kukhala tcheru. Galimoto yamagetsi siuluma ngati ya dizilo, motero mwana amene amadalira makutu okha akhoza kugundidwa. Asanawoloke msewu ayenera kuima ndi kuyang'ana mbali zonse ziwiri.

Mafunso

1. Kodi magetsi ambiri a ku Norway amapangidwa ndi chiyani?
2. Fotokozani ntchito ya batire ndi ya mota.
3. Chifukwa chiyani mabuleki a galimotoyi amakhalitsa?
4. Tchulani njira zitatu zosamalira batire.
5. Kodi mwambi woti "safunsa adadya phula" ukutiphunzitsa chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito

Pangani ziganizo ndi mawu awa: liwiro, zipangizo, tcheru, mathithi.