Kukonza Windows Popanda Kutaya Katundu

Funso: Akuluakulu, kompyuta yanga ya Windows 10 yayamba kuuma ndi kuonetsa mauthenga a zolakwika. Wokonza wina akuti aifufute yonse, koma m'menemo muli zithunzi za ana anga ndi makalata a ntchito. Kodi palibe njira ina? Ndine wowerenga wanu wa ku Zomba.

Yankho: Mwachita bwino kufunsa, bambo, pakuti safunsa anadya phula. Njira ilipo, ndipo ifanana ndi kufolera nyumba mwatsopano katundu ali m'kati momwemo: Windows yatsopano ilowa pamwamba pa yakale, nichotsa mafayilo ovunda, koma zanu izisiya pamalo pake.

Musanayambe, koperani zithunzi ndi makalatawo pa diski ina, popeza fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tsono tengani Media Creation Tool ya Microsoft, muike pa fulashi yosachepera 8GB Windows ya mtundu ndi chiyankhulo chomwecho cha yanuyo. Ndipo kompyuta ili chiyakire, mutsegule setup.exe ya pa fulashipo, musankhe "Keep personal files and apps". Apa ndipo ambiri aphunthwa, chifukwa woyatsa kompyuta kuchokera pa fulashi sapatsidwa mwayi wosunga mapulogalamu ake. Chaja ikhale yolumikizidwa kufikira ntchito itatha.

Windows yakale isungidwa mu foda ya Windows.old kwa masiku 10, kuti mubwerere ngati zavuta. Dziwaninso kuti Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ngati kompyuta yanu ingathe, muikemo Windows 11 mwa njira yomweyi.