Kabuleta ya Peugeot 504 yanditopetsa

Funso: Bambo anandisiyira Peugeot 504 ya 1978. Kukazizira imavuta kulira, mafutanso ikumwa kwambiri. Kodi ndingachotse kabuleta n'kuikamo fuel injection?

Yankho: Zimatheka ndithu. Peugeot yomweyo inkatulutsa ma 504 ena a injection ya Kugelfischer. Koma ntchito yake si yamasewera. Kabuleta imakhutira ndi mphamvu yokankhira mafuta yosakwana theka la bar, pomwe injection yamakono imafuna pafupifupi 3 bar. Mudzafunika pampu yamagetsi, mapaipi olimba, paipi ina yobwezera mafuta kuthanki, ECU, ndi sensa ya oxygen pa ekizozi. Thanki yadzimbiri muitsuke, apo ayi ma injector atsekeka msanga.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndayezetsa compression, n'kutsukitsa kabuletayo ndi kukonzetsa choke. Ngati maring'i a mapisitoni anadyeka, ndalamazo ziyambe zapita kokonzetsa injini.